Chinangwa cha Tsiku Limodzi

Ndinamugwira mpango wakumutu, mpangowo n'kutsalira m'manja mwanga, ndiye ndinamugwira tsitsi. Tinagwera limodzi m'dziwe. Madzi oviikamo chinangwa amanunkha, inu, koma tsiku limenelo ndinawamwa. Iye anandiluma chala mpaka mano anafika pafupa. Dzanja langa linalo linapapasa pansi n'kupeza mwala umene ndinkapsinjira chinangwa kuti chisayandame. Ndinamumenya nawo pakamwa kawiri. Kachitatu ndinaphonya.

"Amake Sellina, mupha munthu!" anakuwa a Mwajuma, anansi anga, akuthamanga kuchokera pamene ankachapa.

"Afe! Ndi wakuba ameneyu!"

Anandigwira m'chiuno n'kundikokera kumtunda. Mkazi uja anadzuka, magazi ali chuchuchu pachibwano, nalavulira dzino m'madzi. Sanalire, sanatukwane. Anangokumbatira nsalu yake imene anamangamo chinangwa changa n'kuthawira m'bango. M'ndewu yonse ija, mtolowo sanautaye.

Chinali chaka cha njala, 1949. Kwathu ku Liwaladzi mpunga unapserera usanabereke, ndipo chimene chinatisunga ndi chinangwa. Amuna anga, a Cyril, anali ku Halale, kumene anatha chaka osatumiza kalata, ngakhale sopo. Ndinatsala ndi ana atatu ndi kamunda kamodzi. Tinkadya kamodzi patsiku: kondowole ndi chigwada. Mchere wa kusitolo tinauiwala, tinkangothira chidulo. Ndikapeza usipa wodzaza dzanja posinthana ndi nkhuni, ndinkausinja kuti fungo lake lifike m'mbale ya aliyense. Mizere ya m'munda ndinali nditaigawa m'mutu mwanga: uwu wa sabata ino, uwo wa sabata yamawa, mpaka mvula. Munthu wondibera mitsitsi isanu ankandibera tsiku lathunthu la ana anga.

Ndipo anali atandibera katatu. Anthu akumapiri, odya chimanga, ankatsika tsiku ndi tsiku kudzafuna ganyu kunyanja, ena n'kumagona pansi pa mitengo ya mango. Ndinkadziwa kuti wakubayo ndi mmodzi wa iwo, pakuti wakwathu sangabe pamalo poviika mnzake. Choncho dzulo lake ndinachita nzeru imene ndinkaiyesa yochenjera. Chinangwa chimene chinali chitafewa ndinachivuula n'kupita nacho kunyumba. Pamalo pake ndinaviikapo china chimene ndinali nditangosenda kumene, cha gomani, chowawa chija. Ndinati mumtima: akadye, asanze, azungulire mutu, mudzi wonse umudziwe. Ndinali wokwiya, ndipo mkwiyowo unkanditsekemera.

A Mwajuma anang'amba kansalu n'kuyamba kundimanga chala. Anali mayi wamkulu, wosapupuluma polankhula.

"Chimene watenga chija mwaviika liti?"

"Dzulo."

"Cha mtundu wanji?"

Ndinayang'ana kumbali. "Gomani."

Analeka kumanga. "Subuhana! Amake Sellina, munthu wakumapiri uja akudziwa chiyani za chinangwa? Akaphika ngati mbatata ameneyo."

"Ndinamutuma ndine kuti adzabe?"

"Ine ndamuonapo pa mango a kumsewu paja. Amamutchula Leah. Ali ndi kamwana kakakazi."

"Ndiye ine ndilibe ana?" ndinatero, n'kusenza dengu langa.

Kunyumba ndinasinja chinangwa chouma, ndinasefa, ndinaphika. Ndinkachita zonsezi ndi ukali, munsi ukugunda mtondo ngati wandilakwira ndiwo. Dzuwa lili pamutu ndinagawira ana. Sellina, wamng'ono pa onse, anali wa zaka zinayi, ndipo anali ndi khalidwe lomeza osatafuna kuti athamangire mbamu ina achimwene ake asanamalize. Ndinamuyang'ana akumeza. Mwana wanjala safunsa ngati chakudya chikuwawa. Mbamu yanga ndinaibwezera m'mbale.

Ndinathamanga. Mchenga wa masana unkandiwotcha mapazi, koma sindinaime mpaka pa mango paja.

Ndinawapeza kuseri kwa tsinde lalikulu, pamene anazika timitengo n'kufolera ndi udzu. Pamafuwa panali mphika wobenthuka kukamwa. Leah anali atakhala pansi, milomo itatupa mpaka diso limodzi kutsekeka. Pamwendo pake panatsamira kamtsikana koonda, kovala mkanda umodzi m'khosi, kakutafuna pang'onopang'ono chidutswa cha chinangwa.

Sindinapereke moni. Ndinaponda mphika uja, zotsalamo n'kumwazikira mumchenga. Ndinatsomphola chidutswa m'manja mwa mwanayo, ndinamunyamula, ndinamuweramitsa pabondo langa n'kumupisa chala kukhosi.

Tsono taganizani zimene mayi wake anaona. Mkazi amene anamugulula dzino m'mawa wabweranso, wataya chakudya, ndipo tsopano akutsamwitsa mwana wake. Anasolola chikuni pamoto. Koyamba chinandipeza paphewa, ndinamva nsalu ikupsa pamodzi ndi khungu. Kachiwiri chinatera pakhutu, dziko lonse n'kungoti ziii.

"Siyani mwana wanga! Iphani ine! Iphani ine, mayi!"

"Ndi chiphe ichi, chitsiru iwe! Wamudyetsa chiphe!"

Sanamve, kapena anamva koma sanakhulupirire. Ndani akanandikhulupirira? Anataya chikuni n'kundikwera pamsana, zala zake zikufunafuna maso anga. Ndinamugunda ndi chigongono m'nthiti, anagwa, anadzukanso. Ine chala chili kukhosi kwa mwana, ndikupemphera mapemphero onse amene ndinaphunzira ku mishoni, osamaliza ngakhale limodzi. Mwanayo anasanza pamapazi anga. Zinali zambiri, zambiri kuposa zimene kamimba kotero kangasunge.

Atamva kukuwako, anthu anabwera. A Mwajuma anafika ndi chikho cha madzi, ndipo ndiwo anamugwira Leah manja n'kumulankhula pafupi ndi khutu.

"Mwana wanga, tamvera. Chinangwa chathu kuno sichidyedwa chongokumba. Chimagona m'madzi mpaka ululu utatuluka. Mayiwa sakupha mwana wako ayi."

Leah anandiyang'ana ndi diso lake limodzi lija, kenaka anayang'ana mwana. Kamtsikanako kanali katalefuka m'manja mwanga, mutu uli lende, kakupuma mofulumira ngati kathamanga mtunda wautali.

"Asiyatu," anaitana. "Asiyatu, tadzuka, amayi ali pano." Kenaka anatembenukira kwa a Mwajuma. "Dzinali anamutcha ndi bambo wake, anali wa ku Salima. Anatisiya panjira."

Sindikudziwa chifukwa chake anatiuza zimenezo. Mwina ankafuna kuti wina adziwe kuti mwanayo anali wa munthu.

Tinamumwetsa madzi, anabweza. Tinayesa phala la ufa umene a Mwajuma anatapa m'nyumba mwawo, linangotsikira m'mbali mwa kamwa. Chipatala chinali ku boma, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Amuna awiri anayamba kumanga machira, koma asanamalize mwanayo anagwedezeka thupi lonse, miyendo n'kuuma. Ndinamupereka kwa mayi wake. Sindinafune kuti atsirizikire m'manja mwanga.

"Wadya zingati?" ndinafunsa. "Mwana mmodzi angadye zonse zija?"

"Ndinaphika zoti tigawane," anayankha Leah. Mawu ankatuluka movutika m'milomo yotupayo. "Koma ine m'kamwa simumalola kutafuna. Ndiye ndinati zisatayike. Ndinamupatsa ndi zanga zomwe."

Palibe amene anandiyang'ana. Mwa anthu akwathu, a Mwajuma okha ndiwo ankadziwa za mwala uja, ndi za gomani, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo sanauzeko munthu. Ine ndinakhala pansi mumchenga wotenthawo. Phewa linkanyeka, koma ndinkalakalaka likananyeka koposa.

Tinamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kumapeto kwa manda athu, atakulungidwa m'mphasa yanga. Panalibe wachibale woti adikiridwe. Pobwerera anthu anabalalika msanga, pakuti chaka chimenecho pamaliro sipankaphikidwa kanthu.

Ine ndinamutsatira Leah mpaka pa mango paja. Ndinkafuna kumuuza kuti abwere kwathu, adzagone ndi ana anga, adzadye chimene tidye. Ndinkafunanso kumuuza za msampha wa gomani uja. Koma ndinangoima chapatali ngati mlendo.

Iye anagwada pamene panagubuduzikira mphika. Anayamba kutola zidutswa za chinangwa zija chimodzichimodzi, akuzisasa mchenga ndi chala, akuchotsa nyerere, n'kumaziika pansalu yake. Anatola zonse, ndi kachidutswa komwe kaja kamene kanali ndi timano ta mwana wake.

"Mayi," anatero osatukula mutu, "mumati chimagona m'madzi masiku angati?"

"Anayi. Kukazizira, asanu."

Anapinda zala zinayi, akuziyang'ana bwinobwino kuti asaiwale. Kenaka anamanga nsalu ija, anaisenza pamutu, n'kutsetserekera kudziwe.