Tepi Yakuda pa Kanyali ka Injini

Patatha miyezi inayi chimwalirireni mwamuna wake, mayi telala anakwera galimoto yake yomwe ngati mlendo. Woyendetsa anali mlamu wake, mng'ono wa malemu, amene anatenga galimotoyo maliro atangotha, ati akukaisunga. Kasungidwe kake kanali kodabwitsa, chifukwa galimoto inkaoneka paliponse m'tauni kupatula pakhomo pa mwini wake. Anthu anamupatsa dzina loti Makiyi, poti sankayankhula asanazunguze makiyi pachala. Mayiyo anakadandaula kwa akuluakulu a kubanja, koma iwo ankangoti, "Tikhala pansi, musafulumire." Pansi pokhalapo anali asanapapeze.

Tsikulo kunkagwa mvula, ndipo Makiyi anamupeza pasiteji atanyamula mtolo wa mayunifolomu omwe anasoka. "Lowani kumbuyoko, alamu," anatero. "Kutsogolo kuno kuli jekete langa."

Mayiyo analowa mtima ukuwira. Mpando womwe anakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri tsopano unali wa jekete! Atayenda pang'ono anamva kuti galimoto ikunjenjemera ngati munthu wamalungo, ndipo pachitunda inkakwera modzikoka. Kuseri kwa chiwongolero kanyali kachikasu, kooneka ngati injini, kankaphethira osalekeza.

"Alamu," anatero Makiyi akuloza kanyaliko, mawu atatsika pang'ono, "aka kayamba dzana. Anzanga pamalo otsukira magalimoto anandiuza kuti ndichotse waya wa batire n'kubwezeretsa. Kanazimadi, koma lero kabwerera, ndiye kakuchita kuphethira. Achimwene ankakatani kakayaka?"

Mayi telala ankadziwa bwino zomwe malemu ankachita. Kanyali kameneko kakangoyaka, iwo sankalola kuti sabata ithe asanapite kugalaja. Yankho linafika pakamwa, koma analimeza. Anakumbukira tsiku lomwe Makiyi anatulutsa galimoto pageti, iye ali chikhalire pamphasa ndi azimayi olira. Mumtima anati, lero ndakupeza.

"Aa, kameneko n'kokongoletsa chabe," anayankha modekha. "Achimwene anu ankangokamata tepi yakuda kuti kasamawatopetse m'maso."

"Ndimadziwa ine!" anaseka Makiyi. "Amakanikowa amangofuna kutidyera."

Pamene mayiyo ankatsika, mlamu wake anali akufunsa kale kuti tepi amagulitsa pati.

Chidani sichikhutira ndi kungodikira, chimafuna kudziwa tsiku. M'mawa mwake mayi telala anatseka makina ake osokera n'kupita kugalaja ya bambo wina wa imvi, makaniko amene ankakonza galimotoyo malemu ali moyo. Anamupeza atawerama pa injini ya lole, manja ali bii.

"Bambo, ndifunseko," anayamba mayiyo. "Kanyali ka injini kakayaka, galimoto imafa pakatha masiku angati?"

Makaniko anaweramuka n'kupukuta manja pachisanza. "Ena amafunsa kuti ingachire bwanji, inu mukufunsa tsiku la maliro? Khalani pabenchipo, mayi. Kanyali kameneko si matenda ayi, ndi kulira kwa galimoto. M'kati mwake muli kakompyuta komwe kamamvetsera injini, ndipo kakaona cholakwika kamayatsa nyaliyo n'kusunga nambala ya vutolo. Kakayaka osaphethira, galimoto ikuyenda bwino, si zoti muchite nazo mphwayi, komanso si zothamangira. Muyambe mwaona chitsekero cha thanki ya petulo, chifukwa nthawi zina chimakhala kuti sichinamangidwe bwino. Kakapanda kuzima pakatha masiku angapo, mubwere nayo. Ndimalumikiza makina awa pansi pa chiwongolero, amandipatsa nambala, ndiye ndimadziwa poyambira kufufuza."

"Nanga kakamaphethira?"

Nkhope ya makaniko inasintha. "Pamenepo ndiye muime. Ndiye kuti penapake m'injini petulo sakupsa, mwina pulagi kapena koyilo, tizipangizo toyatsa petulo, yafa. Petulo wosapsayo amakapsera m'paipi ya utsi n'kusungunula chosefera utsi, wina amatsikira mu oyilo n'kumusandutsa madzi. Mukaumirira kuyenda, zitsulo zimayamba kudyana. Kuchotsa batire kumangofufuta nambala, matenda amakhala ali pomwepo. Kodi tikunena galimoto ya malemu?"

Mayiyo anayang'ana kumbali. "Tikunena galimoto ya alamu anga. Si ndiwo akuzunguza makiyi?"

"Muwauze abwere nayo lero, aikoke ndi chingwe. Ikhoza kukhala ntchito ya theka la ola."

"Ndiwauze ine? Aone polekera! Anandiyendetsa wapansi ndili ndi misozi m'maso, nawonso alawe fumbi."

"Mayi, zomwe anakuchitani n'zoipa, sindikukana," anatero makaniko. "Koma mapepala a galimotoyo ali m'dzina lanu, ndinawaona ine. Pitani nawo kwa oweruza milandu ngati akubanja akuzengereza. Injini ilibe mlandu ndi inu. Walira mvula walira matope."

"Matopewo ndiwaponda," anayankha mayiyo, n'kunyamuka.

Makaniko sanangokhala. Anaimbira Makiyi foni madzulo omwewo, koma Makiyi anamudula asanamalize. "Zikomo bambo, koma alamu anga andiuza kale chinsinsi chake. Kasakeni wina womudyera."

Masiku anayamba kuyenda, ndipo mayi telala ankawawerenga mokondwa. Shopu yake inali m'mbali mwa msewu, choncho galimoto ikamadutsa ankasiya kupalasa makina n'kutchera khutu. Sabata yoyamba inkatsokomola. Yachiwiri inayamba kununkha ngati mazira owola, ndipo ana ankaitsatira akutseka mphuno. Makiyi anakweza wailesi kuti asamve kugogoda kwa injini. Mayiyo ankaseka yekha mpaka kusoka thumba la malaya mozondoka. Kunena zoona, chimwalirireni mwamuna wake anali asanakondwepo chonchi.

Tsiku lomwe ankaliyembekezera linafika Loweruka masana, pamphambano ya msika pafupi ndi shopu yake, anthu ali piringupiringu. Galimoto inalira kuti gu-gu-gu, inatulutsa utsi wambiri, n'kuima pakati pa msewu. Makiyi anatsika atavala jekete lake lija, akukupiza utsi ndi nyuzipepala, madalaivala akumuimbira mahutala kumbuyo. Ogulitsa tomato anafa nalo phwete. "Zunguzani makiyi, bwana, mwina idzuka!" anakuwa wina. Mayi telala anaima pakhonde la shopu, manja ali m'chiuno, ndipo anaonerera zonse osaphethira.

Chimwemwecho chinakhala masiku awiri okha. Lolemba m'mawa lole inakoka galimotoyo n'kuisiya pageti pake. Makiyi anaponya makiyi pansi pafupi ndi mapazi a mlamu wake.

"Akuluakulu akuti ndibweze, alamu. Paja mwakhala mukulira. Ndabweza."

Zinadziwika kuti akuluakuluwo anakhaladi pansi Lamulungu, ndipo ulendo uno Makiyi sanatsutse ngakhale pang'ono. Katundu wakufa savuta kubweza.

Mayiyo anaitana makaniko uja. Bamboyo anamatula tepi, analumikiza makina ake, kenako anatsegula boneti n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Anakanunkhiza n'kupukusa mutu. Anazula koyilo imodzi yong'aluka n'kuiika m'dzanja la mayiyo.

"Matenda anali awa, ndi pulagi yake. Mtengo wake sukanaposa madiresi awiri osoka inu. Koma lero injini yagwirana, chosefera utsi chasungunuka. Kuti idzuke pafunika injini ina, ndipo imeneyo ikhoza kuposa mtengo wa galimoto yonse."

"Palibe chomwe mungachite, bambo?"

"Chinalipo tsiku lomwe munabwera kugalaja lija."

Mayi telala anayang'ana kachipangizo kali m'dzanja lakeko. Kanali kopepuka, kosakwana n'chikhatho chomwe. Anafuna kutukwana mlamu wake, koma anakumbukira kuti amene ananena za tepi anali iye mwini. Makiyi anataya chinthu chomwe sichinali chake, ndipo Lachiwiri anali atayamba kale kukwera basi akucheza ndi anzake ngati palibe chachitika.

Galimotoyo inakhala pabwalo miyezi iwiri matayala akuphwa, mpaka mayiyo anaigulitsa kwa ophwasula magalimoto akale. Tsiku lina akupita kukapereka zovala, galimoto yoyera inaima pafupi naye pamphambano. Chitseko chake chakutsogolo chinali chobiriwira, chosiyana ndi thupi lonse, ndipo m'munsi mwake munali potifuka pang'ono. Anapazindikira nthawi yomweyo: chinali chitseko cha galimoto yake ija. Anapatifula yekha pageti, tsiku lomwe mwamuna wake ankamuphunzitsa kubwerera m'mbuyo, ndipo bamboyo anaseka mpaka misozi n'kukana kupakonza, ati pakhale chikumbutso. Galimoto yoyerayo inanyamuka ndi chitsekocho. Mayi telala anatula mtolo wake pansi, anakhalapo, ndipo analira pamsewu anthu akuona.

Phunziro: Kanyali ka injini kakayaka, musakamate tepi kapena kukazimitsa pochotsa batire. Onani chitsekero cha thanki, ndipo kakapitirira kuyaka kayezetseni galimoto kwa makaniko wokhala ndi makina oyezera. Kakamaphethira, imani pamalo abwino n'kuzimitsa injini. Ndipo wina akakulandani chanu, tsatani njira ya chilungamo, chifukwa mukachiwononga kuti mumukhaulitse, wotsala ndi chisoni mudzakhala inu.