Nandolo Wouma ndi Mpini wa Tsache

Ine besibolo, masewera omenya mpira ndi ndodo, sindinaikondepo. Mpira wake ndi wolimba ngati mwala, ndipo ndinaona ndi maso angawa utagulula mano awiri a mwana wa Nicasia, mnansi wanga. Ndiye mdzukulu wanga Wilkin atalowa timu ya ana kuno ku Consuelo, tsiku ndi tsiku ndinkamutsanzika ndi mawu omwewo: "Chisoti usavule! Mpira ukabwera, lewa!"

Lachitatu lina kochi wawo, Don Amable, anaimitsa njinga yamoto pakhomo.

"Doña Eufemia, mwanayu mphamvu ali nazo, koma amachedwa. Ndodo imafika mpira utadutsa kalekale. Loweruka akapanda kumenya, malo ake ndipatsa wina."

Wilkin anangolowa m'nyumba. Mpunga ndi nyemba sanazikhudze.

M'mawa mwake ndinamutsatira kubwalo, n'kuima kuseri kwa waya, kutali ndithu, poti mipira imeneyi sisankha. Ndinapenyetsetsa. Woponya akatulutsa mpira, Wilkin ankayamba wabweza mutu, kenako n'kukweza phazi, ndiyeno n'kuzunguza ndodo. Anzake ankangokuwa: "Wilkin, ukudikira basi ya ku likulu?"

Kubweza mutu kuja ndinamuphunzitsa ndine.

Masana ndinazula mpini wa tsache, n'kutenga mbale ya nandolo wouma.

"Gwira. Kaime patsinde pa mango."

"Agogo, inu za besibolo mukudziwapo chiyani?"

"Palibe. Koma nandolo sanaphepo munthu."

Ndinaponya njere imodzi. Anabweza mutu, njereyo n'kumugunda pachipumi.

"Wafa?"

"Ayi."

"Nanga ukuthawa chiyani?"

Anaseka. Tinapitiriza. Mutu unasiya kubwerera, koma ndodo inkachedwabe. Apo nkhuku zinali zitatizungulira, ndipo ndinaona kuti ndikangokweza dzanja, izo zayamba kale kuthamanga.

"Taona, nkhuku zikukuposa nzeru! Sizidikira kuti nandolo achoke m'manja. Ndikakweza dzanja, nawe kweza phazi. Koma usaterereke, pansipa pali zitosi."

Nicasia anasuzumira pampanda. "Amayi inu, ndiwo zabwinobwino mukudyetsa nkhuku?"

"Zisiyeni zinenepe, tidzazidya pa Khirisimasi."

Dzanja m'mwamba, phazi m'mwamba. Dzanja m'mwamba, phazi m'mwamba. Mwadzidzidzi, tha! Njere inakagwa padenga la malata. Kenako ina. Pofika Lachisanu, mbale ziwiri zinali zitatha, phewa langa likuwawa ngati ndadula nzimbe tsiku lonse.

Loweruka ndinapita ndi kolona m'manja. Woponya wa timu inayo anali chimnyamata chachitali, ndipo ndinamuuza Nicasia kuti ameneyo zaka khumi ndi ziwiri anazipitirira kalekale. Wilkin atalowa, mpira woyamba unadutsa pafupi ndi chibwano chake. Mawu aja anafika pakhosi, koma ndinaluma mpango. Mutu wake sunasunthe.

Wachiwiri sindinauone, ndinali nditatsinzina. Ndinangomva khwaa!

"Tsegulani maso, mayi inu!" Nicasia anandigwedeza. "Akuthamanga!"

Mpira unali kugubuduka chakumpanda, Wilkin atadutsa kale malo oyamba oimapo othamanga n'kuima pamalo achiwiri, fumbi lokhalokha. Ndinakhala pansi pomwepo, mpweya wonse n'kutuluka.

Masewera atatha, Don Amable anadutsa osaima. "Lolemba abwere. Mwamupatsa chiyani, Doña?"

"Nandolo."

Lolemba Wilkin anaima pachipata, kudikira mawu anga a masiku onse.

"Chisoti usavule," ndinatero.

"Basi, agogo?"

"Basi. Pita. Koma pamsewupo uyang'ane njinga zamoto."