Imvi za a Zevuluni

"Mwabisa chiyani kumbuyoko, bambo a Gedaliya?" anafunsa mayi Mazali atawapeza amuna awo pagalasi.

A Zevuluni, wosoka nsapato wa mu Yerusalemu, anatulutsa kabotolo ka mankhwala odetsera tsitsi. Dzulo lake mwana wawo mmodzi yekhayo, Gedaliya, anali atawauza, maso ali pansi, kuti asamabwerenso kudzamutenga kusukulu. Anzake ankamuseka kuti amatengedwa ndi agogo ake. Mawuwo anawalasa mtima, munthu woti anaona mwana ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Ndiye mufuna mudetse ndevu? Kalanga ine! Nowa anabereka ali ndi zaka mazana asanu. Inu ndinu khanda."

"Siya nthabwala, mkazi wanga. Mwana akuchita nane manyazi."

"Si inu nomwe munkanditonthoza zaka zija ndinkalira chifukwa chosowa mwana? Munkati anzeru athu amati Mulungu anachedwetsa dala Nowa kubereka, kuti chigumula chipeze ana ake asanafike msinkhu wolangidwa. Nanga imvi, anayamba kuzipempha ndani?"

"Abrahamu," anayankha motsitsa. "Ankafanana kwambiri ndi Isake, anthu n'kumawasokoneza. Ndiye anapempha chizindikiro choti bambo azidziwika."

"Ehe! Chimene kholo lathu linachita kupempha, inu muchipake polishi ngati nsapato?"

Mayi ameneyu analidi ndi pakamwa, koma pakamwa pochiritsa. A Zevuluni anaseka mpaka misozi, kabotolo kaja n'kukasiya.

Masana anakaima pageti la sukulu, ndevu zili mbuu. Kamnyamata kena kanakuwa, "Gedaliya, agogo ako aja abwera!"

Gedaliya anabisala kuseri kwa chitseko. Ana onse anatuluka, makolo anapita, koma a Zevuluni sanasunthe ngakhale dzuwa linkawotcha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako mwana uja anatulukira, akukoka chikwama pansi.

"Ababa, simunapite?"

"Ndinakudikira zaka makumi atatu, mwana wanga. Lero ndingatope?"

Gedaliya anawayang'ana nthawi yaitali. Kamnyamata kaja kanali kakadali pakona, kakudya buledi. Gedaliya anagwira dzanja lokhakhala la bambo ake, ndipo podutsa pakonapo anakweza mawu.

"Awa ndi bambo anga. Sukuona ndevuzi?"