Wofika Msanga Ndiye Wotuluka

Tandiuzani inu ophunzira: ndi nyumba yanji imene mlendo wochedwa akagogoda, imakankhira kunja amene anafika mbandakucha? Musakande m'mutu. Ndi seva, chibokosi chong'ung'udza chimene kampani ina yogulitsa zitsulo inagula kuti antchito a m'nthambi zonse azichita msonkhano akuonana nkhope pa kompyuta.

Pa nthambi ina panali mayi wosunga katundu, anzake ankamutcha Mayi Makiyi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuwerenga misomali, mapaipi ndi maloko, osachedwapo ndi tsiku limodzi. Msonkhano wa Lolemba unali wa naini koloko, koma iye hafu pasiti eyiti amakhala atalowa kale, ali pa chidebe cha penti, laputopu pa shelefu. Bwana wamkulu akangoyamba kulankhula, phi, mdima. Kuti alowenso pankafunika nambala yatsopano yochokera kwa mkulu woyang'anira makina ku likulu, wodzitcha Injiniya, ndipo ameneyo msonkhano uli mkati foni sankayankha. Seva nayo inkangolemba kuti mayiyu watuluka.

Makalata awiri omuchenjeza anali atabwera. Yachitatu ndiye ya kwanu nkwanu. Kunyumba mwamuna ali gone ndi sitiroko, adzukulu awiri ali pasukulu, onse maso ali pa makiyi omwewo.

Koma munthu wozolowera kuwerenga sasiya. Anayamba kuwerenga maina a olowa, amene ankandandalikidwa pambali monga mwa kafikidwe kawo, lake lili pamwamba. Milungu itatu yotsatizana, akangokwana fifite n'kulowa wina, iye kunja. Anaimbira Injiniya.

"Achimwene, chibokosi chanuchi mipando imathera pa fifite."

"Mayi, inu werengani misomali. Seva imeneyi ndinaiika ndi manja angawa. Ndinakaiphunzira kunja milungu iwiri, m'hotela ya makapeti. Imanyamula ngakhale anthu wani sauzande. Nenani zoona, mumakhala mwapita kukamwa tiyi."

Anapita kwa dona woona za antchito. Donayo sanadzutse n'komwe maso. "Makina sanama, mayi. Lolemba mukatulukanso, makiyi mudzasiye pa geti."

Lolembalo ndi limene Injiniya anapemphedwa kufotokozera kampani yonse mmene seva imagwirira anthu ojomba. Mayi Makiyi sanalowe msanga. Kuchedwa dala kunamuwawa ngati kuba, koma anakaima kumbuyo kwa mnzake wa pa kauntala, n'kumasuzumira pa kompyuta yake. Pamwamba pa mndandanda panali Injiniya, amene analawirira kudzakonza zithunzi zake. Wachiwiri bwana wamkulu. Mayiyo anawerenga ndi chala mpaka fifite, n'kubwerera pa chidebe chake cha penti.

Kuchokera ku kauntala mawu a Injiniya ankamveka bwinobwino. "Pali ena, sinditchula maina, akumanamizira makina. Ine ndikukuuzani, seva iyi chiyambire sinathamangitsepo mu..."

Mayiyo anadina batani. Injiniya zii, tayi ndi zithunzi zomwe. Pamalo pake panatulukira nkhope ya mayi wa mpango wofiira, kumbuyo kwake mapaipi.

"Mwadzuka bwanji nonse," anatero. "Pepani ndachedwa. Ndimafuna ndimveko kamodzi zimene mumakambirana kuno."

Posakhalitsa Injiniya anadzipangira nambala n'kulowanso, thukuta lili kamukamu. "Ndi netiweki chabe, bwana, kanthu kakang'ono."

"Bwana ake ati?" anafunsa dalaivala wa lole wa ku nthambi ina. "Mwalowa inu, iwo atuluka. Dona, taonani pamenepo, makina alemba chiyani?"

Donayo anayang'ana. "Alemba kuti bwana wamkulu atuluka."

"Ndiye kalata yawo mulemba lero kapena mawa? Makinatu sanama."

Foni ya donayo inalira. Ngakhale anaiika pakhutu, aliyense anamva bwana akukalipa, akufuna kudziwa amene wamuchotsa mu msonkhano wake womwe. Donayo atatsitsa foni anati, "Injiniya, akuti muwerenge zimene opanga makinawa analemba. Pompano. Ndipo inu mayi, makalata aja tiwachotsa mu faelo." Pepani sanatuluke pakamwa pake. Mayi Makiyi anangogwedeza mutu, akuganiza za miyezi iwiri imene wakhala akudzuka mtima uli m'mwamba.

Injiniya anatsegula kabati n'kutulutsa buku la opanga seva. Linali likadali m'pulasitiki yake ya ku fakitale. Anayesa ndi chikhadabo, yakana. Anaiwala kuti kamera ikumuona, n'kuiluma ndi mano.

"Mavuto odziwika," anawerenga, mawu akunka nachepa ngati wailesi yotha mabatire. "Malire ndi anthu makumi asanu. Akapitirira, woyamba kulowa amachotsedwa."

"Tsamba lachingati limenelo, achimwene?" anafunsa Mayi Makiyi.

"Loyamba."

"Ku hotela kuja simunafikepo?"

Anayamba kuseka ndi dalaivala, kenako wa pa kauntala, kenako nthambi zonse, chikhakhali mpaka masipika kunjenjemera. Injiniya anafunafuna batani lozimitsira mawu a anthu, koma anadina lokweza.