Chitsulo Chimene Bato Ankachotsa

Aloysius anali chagada pansi pa Landirova pamene mlongo wake Eleanor anabweranso kudzafunsa ngati galimotoyo iyende tsiku lomwelo. Iye ankangoona mapazi a mlongo wakeyo m'nsapato zapulasitiki, ndi mphonje za chitenje chakuda.

"Iyenda ndikamaliza," anatero.

Mng'ono wawo Bartholomew, amene ku Kanduku konse ankangomuti Bato, anali ataikidwa kale. Anthu anali atameta, masamba amene anayalidwa pamsewu atauma. Chotsala chinali katundu. Bato anali mkamwini pamudzi pa mkazi wake Sellina, ndipo za nyumba ndi munda panalibe wotsutsa. Koma galimoto, malinga ndi Eleanor, inali thukuta la mwana wa mayi awo, ndipo inayenera kubwerera kwawo ku Thambani. Mwamuna wa Eleanor anali atamva kale kuti kumisasa ya othawa nkhondo ya ku Mozambique kukufunika magalimoto otuta matumba a chimanga.

Vuto linali lakuti galimotoyo inali pa zipika. Bato anagula masipuling'i atsopano akumbuyo, anamanga yakumanja, ndipo anagwa akunyamula yakumanzere. Munthu amene ankathamangitsira kuchipatala odwala a m'mapiri onsewo, iye anapitako pa machira a nsungwi, natsirizikira panjira. Sipuling'i ija inali ikadali pamene anaigwetsera, chiswe chitayamba kumata dothi m'mbali mwake.

Ndiye ntchito inagwera Aloysius, mtchona. Anachoka kumudzi mbendera yatsopano isanasuluke, nakamerera imvi m'magalaja a ku Bulawayo. Uthenga utamupeza anakwera lole yodzera ku Tete, yoperekezedwa ndi asilikali, koma anafika manda atakwiriridwa. Mapiri amene ankasakako mbira ali mnyamata anawapeza atametedwa mpala. Anthu ankatsitsa mawu ngakhale nkhani ili ya mbuzi. Pamsika wa pa boma anamufunsa khadi la chipani asanamufunse dzina. Manachesi okha ndiwo anamudikira, nawonso ankawawasa kuposa mmene ankawakumbukira.

Anapukuta girizi pa sipuling'i imene Bato anamanga, nayendetsa chala pa zitsulo zake zosanjikizana. Kenako anatuluka kukayang'ana inzake ija. Sizinkafanana. Yomangidwayo inalibe chitsulo chapansi, chachifupi chokhuthala chija chimene chimagwira galimoto katundu akalemera. Aloysius anaseka chamumtima. Bato sanaphunzire umakaniko kwa munthu, ankangosuzumira pamene ena akugwira.

Anauza Eleanor kuti mbali yakumanja iyenera kumasulidwanso, komanso kuti chitsulocho chipezeke, apo ayi matumba ochepa okha adzakhazika galimoto pansi. Eleanor anati mwina Bato anachipatsa wosula makasu. Bato anali wotero, manja obooka. Zaka zonsezi ankanyamula anthu n'kumalandira nkhuku, ena zikomo yekha.

Aloysius anatuma uthenga m'nyumba kukafunsa namfedwa, koma Sellina anatuluka yekha, mpango utakulunga mutu wometawo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa nkhokwe. Chitsulo chinali pamenepo, utoto wake ukadali wakuda bii. Pansi pake panali zina zofanana nacho, zadzimbiri. China chinapachikidwa ndi waya pamtengo wa mango, mwala uli patsinde.

"Sanaiwale, alamu. Ankachotsa dala."

Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akunena za nyengo. Chaka chimene anagula galimotoyo, Bato ananyamula mayi wina woyembekezera, Esime. Msewu wa kumeneko ndi miyala ndi makwawa, ndipo kumbuyo kunkadumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu. Mayiyo anafika kuchipatala ali moyo, koma mwana ayi. Bato sanadye tsiku limenelo. M'mawa mwake anamasula masipuling'i, nachotsa chitsulo chimodzi uku, china uku. Chiyambire pamenepo, akagula atsopano ankachita zomwezo. Ofuna kunyamulitsa chimanga ankawabweza. Cha pamtengo wa mangocho ndi chimene anthu ankamenya ndi mwala akakhala ndi wodwala.

"Ndiye mubwezeretse," anatero Eleanor. "Wapita wapita. Otsalafe tikudya dothi?"

Sellina sanatsutse. Anangoti mwana wawo Deliwe amatha kuyendetsa, bambo ake anamuphunzitsa, ndiponso kuti kutsidya kwa mtsinje kuli mtsikana amene masiku ake ayandikira. Atatero anakakhala pakhonde, natambasula miyendo.

Aloysius anakhala pa tayala kwa nthawi yaitali. Msana unkamupweteka. Iye ndiye anali wamkulu, mwini mbumba, ngakhale kuti mbumbayo inakula osamuona, ndipo mawu omaliza anali ake. Kwawo ku Thambani denga linkadontha, analiona ndi maso ake. Eleanor sankanama.

Aloysius anakokera sipuling'i yakumanzere pa chipika, naipana ndi waya kuti zitsulo zisamwazike, nayamba kumasula bawuti yapakati. Eleanor anaganiza kuti akungoyeretsa. Anazindikira ataona chitsulo chachifupi chija chikusololedwa n'kuponyedwa pa udzu.

"Achimwene, zaka zonsezi ngakhale sopo simunatumize. Lero mwabwera kudzagawa za eni ake?"

"Mayi atadwala, anapita bwanji kuchipatala?" anafunsa Aloysius.

Anali Eleanor yemweyo amene anakhala kumbuyo kwa galimoto yomweyo tsiku limenelo, mutu wa mayi awo uli pamiyendo pake. Ankakumbukira kuti mayiwo, amene ankabuula munthu akangowakhudza, anagona tulo panjira. Iye ankayesa kuti anali mankhwala.

"Galimoto ikhala pano," anatero Aloysius, maso ali pa sipanala. "Za denga ndi zanga."

"Mudzabwereranso ku Bulawayo kwanuko."

"Mwina."

Anakwawiranso pansi, akukoka sipuling'i pachifuwa. Analowetsa diso lakutsogolo la sipuling'iyo, polowa bawuti paja, bawuti inakana, anaigogoda ndi hamala mpaka inalola. Lakumbuyo linamudya khungu la chala. Anasuntha jeke pang'onopang'ono mpaka chitsulo cha matayala chinakhala pamalo pake, namanga zogwirira zake, nabwezeretsa matayala. Dzuwa linali litapendeka pamene anachotsa zipika. Manati a m'maso mwa masipuling'i anawasiya osalimbitsa, pakuti amenewo amamangidwa galimoto itasenza kulemera kumene imayenda nako.

Anayang'ana uku ndi uku kufuna choika kumbuyo. Sellina anali atanyamuka kale. Anakwera movutikira, nakhala pansi kumanzere, msana atatsamira kukhoma, miyendo atatambasula, malo a munthu wogona atawasiya pambali pake.

"Ankamanga ine ndili chonchi," anatero.

Aloysius anamanga. Atatuluka n'kuyamba kupukuta manja, Sellina anamuuza kuti adikire. Anatsika, analowa m'nyumba, nabwera ndi kapu yachitsulo yosupuka m'milomo, madzi ali nde. Anaiika pansi kumbuyo kuja, pamene pamakhala mutu wa wodwala.

"Mukafike pa khwawa mubwerere. Madzi akatayika, malemu sankati amaliza."

Injini inatsokomola, kenako inalira. Aloysius asanalowetse giya anamva galimoto ikutsika pang'ono kumbuyo. Anacheuka. Eleanor anali atakwera, atakhala pambali pa kapu ija, manja atawapinda m'chitenje kuti asaigwire. Sanamuyang'ane mchimwene wakeyo. Maso ake anali pa madzi.

"Muziyenda bwino pamiyalapo," anatero.