Khomo Loyang'ana Kuchitsime

Chingwecho chinali cha khonje, ndipo Lusia anachipota yekha poganiza kuti chogula chimadula khungu. Mbali ina ankamangirira kunsanamira ya pakhonde, mbali ina kumwendo wa mwana wake Mateus, mnyamata woti ndevu zinamera kale koma chibadwire sanatulutsepo mawu. Ankangong'ung'udza, ndipo akakondwa ankaomba m'manja.

Kwawo ku Mozambiki Mateus sankamangidwa. Zinayamba atathawa nkhondo n'kupatsidwa kamalo pafupi ndi Chiponde. M'mawa uliwonse, akangomva ndowa za amayi zikulira panjira, ankatola chitini chomwe munali mafuta ophikira, n'kutuluka, n'kulunjika kotulukira dzuwa. Kumeneko kunali kumalire, ndipo kuseri kwake kunali mabomba okwirira pansi. Tsiku lina anakamugwira atapitirira kale mtengo wa mbawa umene ngakhale otola nkhuni ankabwererapo.

"Akufuna kwawo ameneyu," anatero Jose, mlongo wake wa Lusia. "Mumange, mlongo. Bola chilonda kusiyana ndi maliro."

Chilondacho chinabweradi. Lusia anakulunga nsanza, anasintha mwendo, winawonso unasupuka. Mateus ankakoka chingwe mpaka nsanamira kugwedera, akatopa n'kuyamba kudziluma dzanja. Mayiyo mtima unali m'malere. Kumunda sankamaliza mzere: khasu kawiri katatu, waimirira, akutchera khutu. Pamzere wolandira ufa ankangocheukacheuka ngati waba. Akammasula, bomba. Akamsiya, mwendo uwola.

Amene anawapatsa malowo anali Abiba, mayi wachiyao wogulitsa usipa, yemwe aliyense ankamuitana kuti Abiti Sumani. Tsiku lina pochokera kumsika anatula dengu, n'kuyang'ana ntchentche zili pamwendo wa Mateus.

"Amake Mateus, msonkhano wa ntchentchewu udzatha liti? Mbuzi yanga ndimamanga, koma masana ndimaimasula."

"Mbuzi yanu sithamangira kumabomba, Abiti Sumani."

"Ayi ndithu, ndi yamantha ngati mwini wake. Koma tandiuzani. Ine ndikamapita kwathu ku Malindi ndimavala nsalu yabwino. Uyu wopita kwawoyu, chitini chopanda kanthu n'cha chiyani? Kwanuko ankagwira ntchito yanji?"

"Ankatunga madzi. Athu, a agogo ake, a aliyense wom..."

Lusia anasiya mawu panjira. Anaona nyumba yawo yakale ija, khomo lake loyang'ana kum'mawa, ndi kanjira kochoka pakhomopo kulunjika kuchitsime osakhota. Mateus anaphunzira njira imodzi yokhayo: kutuluka, kulunjika. Atafika kuno, Lusia anamanganso nyumba yoyang'ana kum'mawa monga mwa chizolowezi, pamene chitsime cha kuno chinali kuseri, kumadzulo. Anayesapo kale kumukoka dzanja kuti azungulire nyumba, iye n'kudzigwetsa pansi.

Lusia anadzuka n'kuyamba kuzungulira nyumbayo, akugogoda khoma ndi chikhatho. Abiba anangomuyang'ana.

"Kaya tsopano timange inuyo?"

Jose atamva zoti khomo lisamutsidwe anapukusa mutu. "Khomo kumbuyo? Anthu aziti nyumba yakwiya, yafulatira msewu. Akathawa musandiitane." Komabe mawa lake anabwera ndi chikwanje. Anagumula dothi, anadula nsichi, anasamutsa chitseko, Lusia akumata khomo lakale. Mateus ankaonerera ali pansanamira pake, akudzigwedeza.

Kutacha, Lusia anagwada m'nyumba n'kumasula mfundo. Jose anatenga chingwecho n'kuima pakhomo latsopano, mwendo wina kutsogolo ngati wodikira kalulu.

Ndowa zinayamba kulira panjira. Mateus anatola chitini chake, napita pamene panali khomo. Anapeza khoma. Analisisita, dothi losauma linamatirira m'manja. Kung'ung'udza kuja kunakwera. Anagunditsa mphumi pakhomapo, naika dzanja kukamwa.

"Ndimugwire?" anafunsa Jose.

"Dikirani."

"Adzipweteka, mlongo!"

"Ndati dikirani, achimwene. Chokaninso pakhomopo, mukumutsekera kuwala."

Lusia anafuna kukuwa, anafuna kumukumbatira, anafuna kulanda chingwecho amange yekha nkhani ithe. Anangoluma nsonga ya chitenje. Panja Abiba anamenya ndowa yake ndi chipande, pang'onopang'ono, akuyenda cham'mbuyo kulowera kuchitsime.

"Tiyeni bambo, madzi atha kwanga! Kapena mukufuna nkhalamba ine ndithyoke msana?"

Mateus anachotsa dzanja kukamwa. Anatembenuka, anayang'ana kuwalako nthawi yaitali. Kenako anatuluka motsimphina, n'kulunjika.

Lusia anam'tsatira chapatali, akubisala kuseri kwa nkhokwe za eni ngati mwana. Pachitsime amayi anapatuka, wina anabisa mwana wake kumbuyo. Mateus sanaone aliyense. Anagwira chingwe cha chotungira, anaponya, anakoka mwaluso la munthu wozolowera, nadzaza chitini osataya dontho. Atasenza anaomba m'manja, chitini chili pamutu chosagwira.

Tsiku limenelo anadzaza mitsuko yonse, ndowa ya Abiba, beseni, ngakhale mphika womwe munali nyemba zophikaphika.

"Ndiwo zanga!" anadandaula Jose. "Ndiye mwati tizimwa nyemba?"

Chingwe chija Lusia sanachitaye. Anachikoleka patsindwi, ndipo masiku amene galimoto ya ufa inkabwera ndi phokoso, Mateus n'kuyamba kudziluma, dzanja la mayiyo linkapita lokha kumeneko. Ankalibweza, n'kutola chitini n'kumupatsa. Nthawi zina zinkatheka, nthawi zina ankakhala naye pansi mpaka galimotoyo itapita.

Chilonda chinayamba kuuma m'mbali. Kumunda Lusia ankaimirirabe kutchera khutu, koma akamva chitini chikulira chakumadzulo, ankalavulira m'manja n'kumaliza mzere.