Mtundu wa M'mimba mwa Telala

Nkhaniyi anandiuza ndi wometa wina, lumo lili pakhosi panga, choncho sindinamudule mawu.

Mkazi wa telala anali atamanga kale katundu wake. Zaka ziwiri mwamuna wake akubuula ndi zilonda za m'mimba, zaka ziwiri zomwezo mlamu wake, mlongo wamkulu wa telalayo, akumuloza chala.

"Ndi tsabola wanuyu, alamu, ndi pakamwa panupa. Mwana ndinalera ndekha, kumutafunira chakudya mayi atamwalira, lero mwamuboola m'mimba ngati sefa. Likatha sabata lino muzipita kwanu."

Telala anangowerama pa makina ake osokera, osayankha. Chimene chinkamuwawa kwambiri mkaziyo chinali chete ameneyo.

Lachinayi anapita onse atatu kuchipatala kukamva zotsatira. Dokotala anali mtsikana wa magalasi, wolankhula mofulumira.

"Bambowa ali ndi tizilombo ta m'mimba. Anthu ambiri ali nato koma sadwala, chifukwa timasiyana chibadwa. Tina n'tofatsa, tina timakanda mpaka chilonda. Mtundu wa bambowa ndi woipawo."

Mlamu anadzambatuka, mpando n'kugwa.

"Mtundu wa ndani woipa? Mwana iwe, ukuudziwa mtundu wathu? Agogo athu anamwalira mano onse ali m'kamwa!"

"Mayi, ndikunena mtundu wa tizilombo."

"Tizilombo ndife? Achimwene, mwamva? Tabwera kudzatukwanidwa!"

Mkazi wa telala sanaseke.

"Adokotala, nanga tsabola?"

"Amawawitsa chilonda, koma sachiyambitsa."

"Nanga kulongolola kwa mkazi?"

"Kumeneko sitinakupeze poyeza."

"Ndiye tizilomboti anatitenga kuti?"

"Kawirikawiri munthu amatitenga ali mwana, kwa omulera. Supuni imodzi, kapena kumutafunira chakudya."

Mlamu anatola mpando uja n'kukhalapo.

"Bwerezani, adokotala," anatero mkazi wa telala. "Pang'onopang'ono, alamu amve. Pamsika ponse akundinena kuti ndikupha mwamuna."

Atafika kunyumba, telala anagwada kuti amasule chingwe cha katundu uja.

"Chisiyeni!" anatero mkazi wake. "Mezani mankhwala anuwo. Ndidzamasula ndekha tsiku limene pakamwa panupo padzatseguke."

Katunduyo anakhala pachitseko masiku asanu ndi anayi, aliyense akumudumpha. Tsiku lakhumi mlamu anabwera, n'kuyambanso kuti chilonda sichikupola msanga chifukwa cha nkhope yokwinya ya m'nyumbamo. Telala anaimitsa makina.

"Achemwali, munamva nokha. Mtundu woipawo ndi wathu. Mkazi wanga mumusiye."

Mkaziyo anatenga sizasi ya mwamuna wake n'kudula chingwe chija.

Wometa uja akuti mawa lake mlamu anabwera kudzapepesa, atanyamula tsabola m'kapepala. Za tizilombozo ndikuvomera, za chingwenso ndikuvomera. Koma za kupepesako ndikukayika. Ndayenda malo ambiri ine, mlamu wopepesa sindinamuonepo.